Chigoba cha V for Vendetta: buku lidafunsa funso lomwe filimu idalilambalala

Mwachionapo chigoba chimenechi: nkhope yoyera, ndevu zopyapyala zopindikira m'mwamba, ndi kumwetulira kokhala ngati mwini wake akudziwa chinsinsi chanu. Anthu ambiri amachiika pa WhatsApp kapena pa Facebook pofuna kuonetsa kuti atopa ndi olamulira. Koma ndi angati akudziwa komwe chidachokera?

Nkhopeyi ndi ya Guy Fawkes, Mngelezi wa Chikatolika yemwe adagwidwa pa 5 November 1605 akulondera migolo 36 ya onga pansi pa Nyumba ya Malamulo ku London. Iye ndi anzake ankafuna kuphulitsa nyumbayo, Mfumu James I ili momwemo. Chiwembucho chidalephereka ndipo Fawkes adaphedwa mu January 1606. Mpaka lero ku Britain amayatsa moto usiku wa tsikuli pokumbukira kulephera kwake.

Mu 1982, mlembi Alan Moore ndi wojambula David Lloyd adayamba kutulutsa nthano ya zithunzi, V for Vendetta, m'magazini ya Warrior. Nthawiyo nduna yaikulu ya Britain adali Margaret Thatcher, ndipo Moore ankaopa komwe dziko lake linkalowera. M'nthanoyi, nkhondo ya nyukiliya yatha, chipani chankhanza cha Norsefire chalanda boma, makamera ali ponseponse, ndipo anthu akuda, ogonana amuna kapena akazi okhaokha komanso otsutsa boma atayidwa m'misasa yozunzirako. V, yemwe adathawa ku msasa wa Larkhill, akuvala chigoba cha Fawkes n'kuyamba kubwezera.

Filimu yake, yomwe adatsogolera James McTeigue, idafika m'malo oonetsera kanema mu March 2006. Hugo Weaving ndiye V, Natalie Portman ndi Evey. Apa nthawi idali itasintha: George W. Bush ali pampando ku America, nkhondo ya ku Iraq ili mkati. Ndiye m'filimuyi boma likulowa pampando pomwaza lokha kachilombo koopsa, kenako n'kunamizira zigawenga kuti anthu agwidwe mantha. Uthenga wake ndi wosavuta: mantha ndi chida cha andale.

Moore sadakondwe nazo, mpaka adakana kuti dzina lake liikidwe pa filimuyo. Dandaulo lake lidali lakuti nkhani ya Britain idasandutsidwa mkangano wa ndale za ku America. Lloyd yekha adaiyamikira.

Kusiyana kwenikweni kuli kumapeto. M'filimu, namtindi wa anthu ovala zigoba ukuguba, asilikali akutsitsa mfuti, Nyumba ya Malamulo ikuphulika, nyimbo ikulira, basi nkhani yatha. Woonera amadzuka mtima uli myaa. M'buku si choncho. Nyumbayo imaphulika koyambirira penipeni, ndipo boma likagwa kumapeto, m'misewu mumatsala chipwirikiti. V wa m'buku sakumenyera chisankho chabwino kapena mtsogoleri wina. Akufuna kuti anthu adzilamulire okha popanda wowaimirira pamutu. Komanso si mngelo ayi. Amapha anthu, ndipo Evey yemwe, amam'tsekera ndi kumuzunza ati pofuna kum'masula ku mantha. Filimu ili nazo zimenezi, koma imam'khululukira msanga. Buku limakusiyira iwe wowerenga kuti ugamule: ameneyu ndi mpulumutsi kapena wamisala?

Chodabwitsa n'chakuti filimu yofewetsedwayo ndiyo idatulutsa chigobachi kupita nacho mumsewu. Gulu la pa intaneti la Anonymous lidachivala mu 2008 potsutsa mpingo wa Scientology. Mu 2011 chidaoneka pa zionetsero za Occupy Wall Street ku New York. Mu 2013 boma la Bahrain lidaletsa kulowetsa zigobazi m'dzikomo. Koma tamvani izi: aliyense akagula chigoba chovomerezeka, gawo la ndalamazo limapita ku Warner Bros, kampani yaikulu yomwe ili ndi umwini wa filimuyo. Otsutsa makampani akuluakulu akulemeretsa kampani yaikulu, eti!

Choncho musanachiike pa foni yanu, dziwani kuti chigobachi chanyamula nkhani ziwiri. Filimu ikuti wolamulira wankhanza angathe kugwa anthu akasiya kuopa, ndipo izi n'zoona. Buku likupitiriza pomwe filimu idalekezera: wagwa, chabwino, nanga mawa m'mawa ayendetse zinthu ndani? Ndipo amene adam'kweza pampando poyamba paja ndani, ngati si anthu omwewo amene akuombera m'manja lero?