Jekeseni Wozoloweretsa Thupi: Njira Yacidule Ifuna Cipatala

Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene thengo likupsa ndipo mphepo ikuulutsa fumbi m'mapiri a Chipata, anthu ambiri amayetsemula kosalekeza, maso akuyabwa, ndipo odwala mphumu amabanika usiku. Utsi umakulitsa bvutoli, koma kawiri-kawiri gwero lace nlakuti thupi limadana ndi zinthu zosaopsa, monga mungu wa udzu kapena tizirombo tosaoneka tokhala m'zofunda.

M'caka ca 1911 madotolo awiri a ku London, a Leonard Noon ndi a John Freeman, anayamba kubaya odwala otere jekeseni wa mungu womwewo, pang'ono poyamba, naonjezera mlingo kufikira thupi litazolowera. Njirayi ikali kugwira nchito, koma njocedwa: wodwala amapita kucipatala mlungu uli wonse kwa miyezi 3 mpaka 6 asanafike pa mlingo wokwanira. Mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi angawerenge yekha ndalama za ulendo, ndi masiku amene khasu likanagona.

Mu 1930 a Freeman analongosola njira yofulumira. Lero wodwala amalandira majekeseni angapo pa tsiku, nafika pa mlingo wokwanira m'tsiku limodzi kapena masiku atatu. Palinso njira yapakati, ya milungu 4 mpaka 8.

Liwiroli liri ndi mtengo wace. Thupi likadzidzimuka, munthu amatupa pakhosi, mpweya nkutsekeka, ndipo ngozi yotere imacuruka pa njira yofulumira. Cifukwa cace jekeseniyu amabayidwa pokha-pokha pamene pali dotolo ndi mankhwala a adrenaline, ndipo wodwala amadikira mphindi 30 kapena kuposerapo asanacoke. Ku Britain, mu 1986, akuru a zamankhwala anakhwimitsa malamulo anthu ena atafa. Amene mphumu yace siinakhazikike sayenera kubayidwa konse.

Cofupikacotu ndi ciyambi cabe. Pambuyo pace jekeseni amapitirira kamodzi pa mwezi kwa zaka 3 mpaka 5, ndipo sazoloweretsa thupi utsi wa nkhuni kapena wa fodya.

Wobanika ayambe wapimidwa pa kiliniki yapafupi, imene ingamtumize ku Chipata Central Hospital. Cifuwa copitirira milungu iwiri cifuna kupima makhololo, pakuti cingakhale ca TB.