Kuzolowera kamera ya rangefinder: zimene timamva ndi zoona zake

Wozolowera kujambula ndi foni akagwira kamera ya rangefinder koyamba, mtima umamuthawa. Posuzumira pakawindo zonse zikuoneka bwinobwino, koma chithunzi chikatuluka n'chimbuuzi chokhachokha. Ambiri amagwa ulesi m'masabata oyambirirawa, ndipo zimene amamva kwa anzawo zimangowonjezera nkhawa. Zina mwa nkhanizi zili ndi kachoonadi, koma zimafunika kuziwongola.

Chikhulupiriro: Zithunzi zikamatuluka chimbuuzi ndiye kuti kamerayo ndi yowonongeka.

Zoona zake: Nthawi zambiri kamera imakhala ilibe vuto, diso ndi chala n'zimene zikuphunzira. Kamerayi siikusankhirani fokasi. Pakati pa kawindo pali kabokosi kowala, ndipo m'menemo chinthu chimodzi chimaoneka pawiri. Mumatembenuza lenzi mpaka ziwirizo zitagwirana n'kukhala chimodzi. Yambani ndi zinthu zoongoka, monga mphepete mwa chitseko kapena pholo la magetsi. Mzere umaoneka ngati wathyoka pakati, ndipo mukapotoza pang'ono umalumikizana. Mukazolowera pamenepo, pitani ku kolala ya malaya, kenako ku diso la munthu. N'zoona kuti kamera ikagwa kapena kugunda penapake, timagalasi ta m'kati timatha kusuntha. Kuti mutsimikize, lozani mwezi usiku, lenzi mutaifikitsa kumapeto kwa mtunda wautali. Mwezi ukaonekabe pawiri, kamerayo ikufunika mmisiri.

Chikhulupiriro: Chimene ukuona pakawindo n'chimene chituluke.

Zoona zake: Simukuyang'ana kudzera mu lenzi ayi. Kawindo kali pambali, chakumtunda, choncho kamaona mosiyana pang'ono ndi lenzi, makamaka chinthu chikakhala pafupi. N'chifukwa chake pa makamera ambiri a Leica M kabokosi kaja kamagwira ntchito kuyambira pa masentimita 70 kupita kutali. N'chifukwa chakenso mukhoza kujambula chivindikiro chili pa lenzi, inu mukuona zonse bwinobwino. Malire a chithunzi amasonyezedwa ndi timizere towala, ndipo kukoma kwake kuli pomwepa, chifukwa mumaonanso zimene zili kunja kwa timizereto. Wanjinga akamabwera chakumanzere mumamuona asanalowe m'chithunzi, n'kumudikira afike pamene mukufuna. Mukadina batani kawindo sikada, ndiye mumaona ngati munthu waphethira kapena wamwetulira.

Chikhulupiriro: Kamera yotere ndi yochedwa, singagwire zinthu zoyenda.

Zoona zake: Poyamba imachedwadi, koma akatswiri ojambula m'misewu anapeza njira kalekale. Pa lenzi pamakhala manambala osonyeza mtunda. Mukatenga lenzi ya 35mm pa kamera ya sensa yofanana kukula ndi filimu ya 35mm, n'kuika kabowo kolowera kuwala pa f/8 ndi mtunda pa mamita 3, chilichonse kuyambira pafupifupi mamita 2 kufika 7 chimatuluka bwino. Zikatero mumangokweza kamera n'kudina. Pakapita miyezi chala chimayamba kudziwa chokha malo a mamita awiri ndi a mamita asanu, ngati mmene woyendetsa galimoto amasinthira magiya osayang'ana.

Chikhulupiriro: Ndi zachikale, zinatha ndi filimu.

Zoona zake: Njirayi ndi yakaledi. Leica M3, imene makamera a M amakono anatengerako maonekedwe, inatuluka mu 1954 ku Wetzlar, m'dziko la Germany. Koma rangefinder yoyamba ya digito inapangidwa ndi Epson mu 2004, dzina lake R-D1. Leica inatsatira ndi M8 mu 2006, kenako M9 mu 2009, ndipo M11 ya mu 2022 ili ndi mamegapikiselo 60. Malenzi ambiri a m'zaka za m'ma 1950 amalowa pa makamera atsopanowa. Chimene digito yabweretsa kwa wophunzira n'chakuti cholakwa mumachiona pompopompo, osadikira kuti filimu itsukidwe.

Chikhulupiriro: Ukagula kamera yotereyi, zithunzi zako zisintha tsiku lomwelo.

Zoona zake: Apa m'pamene mtima umapweteka, chifukwa mtengo wake ndi woboola m'thumba ndipo munthu amayembekezera zambiri. Anthu amatchula Henri Cartier-Bresson wa ku France, amene ankajambula ndi Leica. Chimene amaiwala n'chakuti kwa zaka zambirimbiri ankadalira kwambiri lenzi ya 50mm, mpaka ankadziwa malire a chithunzi asanakweze kamera.

Choncho sankhani lenzi imodzi, muisiye pomwepo mwezi wathunthu. Jambulani tsiku lililonse, ngakhale ndi kapu ya tiyi patebulo kapena mwana akusewera pakhonde. Zithunzi zolakwika musafulumire kuzifufuta. Madzulo ziyang'aneni, muone pamene fokasi yagwera, kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo mawa mukonze pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina mudzangozindikira kuti zithunzi ziwiri za m'kabokosi zija zagwirana musanaganize n'komwe, ndipo maso anu onse ali pa munthu amene mukumujambula.