Gule ali m'tauni, nanga bwalo lake lili kuti?

Mwezi wa Julaye ukamapita kumapeto, mphepo ya mwera itayamba kugonja, Loweruka masana kwa Chinsapo sikukhala zii. Ng'oma imayambira patali, kuseri kwa nyumba zothithikana, ndipo oyamba kuimva ndi ana. “Zilombo! Zilombo zatuluka!” Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wopita ku Likuni amakokera malichero awo pafupi, akabaza amachepetsa liwiro, ena amaimiratu. Kenaka fumbi lofiira limatulukira pakona, ndipo m'kati mwa fumbilo muli akapoli awiri kapena atatu, nthenga kumutu, thupi lonse matope, akuthamanga mosayang'ana kumbuyo. Pambuyo pawo pali chikhamu cha ana omwe akuopa koma sakufuna kutsala.

Zomwezi mukazipeza kwa Mgona, ku Area 23, ndi kumalire kwa Area 25 komwe tauni imagundana ndi midzi. Kuyambira pamenepa mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala, Lilongwe amakhala m'nyengo yake ya zikondwerero, ngakhale palibe kalendala ya boma kapena ya khonsolo yomwe inalembapo zimenezi.

Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anakulira pakhasu. Chimanga chalowa m'nkhokwe, ntchito ya kumunda yapuma, chimera cha thobwa ndi mowa wamasese chilipo. Fodya wagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza zadutsa pamsika wa kwa Mgona, choncho kandalama kakuoneka m'matumba. Sukulu nazo zatsekera tchuthi chachitali. Mwambo uliwonse womwe banja linkauzengereza chaka chonse umagwera m'miyezi imeneyi: kumeta maliro, kumanga ziliza, chinamwali, kulonga ufumu, zinkhoswe ndi maukwati. Ndipo kwa Achewa, miyambo ikuluikulu mwa imeneyi siitha popanda gule wamkulu.

Alendo ambiri amaganiza kuti gule anachita kubwera m'tauni kuchokera kumudzi. Kwa Lilongwe nkhani yake ndi yotembenuza: tauni ndiyo inapeza gule. Likulu la dziko lisanasamuke kuchoka ku Zomba mu 1975, dera lalikulu lomwe lero tikulitchula ndi manambala linali midzi ndi minda ya Achewa, pansi pa mafumu omwe maina awo tikuwamvabe, monga Tsabango, Malili, Chitukula ndi Njewa. Bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, linajambula misewu, malo a maofesi, a mafakitale ndi mapuloti a nyumba. Midzi ina inasamutsidwa, ina inangomezedwa pang'onopang'ono. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mu Lilongwe. Wa 2018 anapeza 989,318. Anthu onsewa anafuna pogona, ndipo malo oyamba kudyedwa anali aja ooneka ngati alibe mwini: madambo, nkhalango za kumanda ndi mabwalo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Gule si chilombo chokha ayi. Kuti gule akhale gule pamafunika mfumu yokhala ndi mzinda, ndiye kuti ufulu wochititsa mwambowu m'mudzi mwake. Pamafunika dambwe, malo obisika, kawirikawiri m'nkhalango ya kumanda, komwe zilombo zimachokera. Pamafunika liunde, pomwe zimadikirira zisanalowe. Kenaka bwalo lenilenilo, lotambasuka, loti amayi aime mbali yawo akuwomba m'manja ndi kuyankha nyimbo, oimba ng'oma akhale mbali yawo ndi moto wowambira zikopa, akuluakulu akhale pamthunzi. Pamakhala atsabwalo osunga dongosolo, wakunjira wotsogolera, ndi anamkungwi oyang'anira mbali ya amayi. Zochitika kudambweko sitilowako, pajatu zakudambwe saulula. Koma za pabwalo ndi za aliyense, ndipo amene anaonako gule wolongosoka amadziwa kusiyana kwake ndi zothamangitsana za mumsewu.

Pabwalo, mpanje ndi mbandambanda zimayala maziko, gunda amagunda pansi pamtima, ndipo mbalule ndiyo imalankhula ndi mapazi a chilombo. Woimba mbalule waluso sayang'ana ng'oma yake, maso ake amakhala pa miyendo ya wovina, ndipo sudziwa kuti akutsogolera ndani pakati pa awiriwa. Chilombo chilichonse chimabwera ndi nkhani yake. Chadzunda, nkhalamba yakuda bii, amalowa motsimphina ngati watheratu, koma ng'oma ikakolera amavina mwamphamvu zodabwitsa. Ndiye kholo la zilombo. Mariya amabwera mwaulemu ndi mwamanyazi, Simoni ndi nkhope yake yofiira amakumbutsa za mzungu wopsa ndi dzuwa, Makanja amayenda m'mwamba pa miyendo yake yaitali ana ali kukamwa yasa. Kasiyamaliro, wooneka ngati nyama ya m'tchire, ndi wa ulemu wina. Akatuluka, ngakhale oledzera amadziwa kuti mwambo wafika pachimake. Njovu siituluka wamba, imadikira mwambo wa mfumu yaikulu. Wina akavina bwino anthu amamusupa, ndipo amene nyimbo yamulasa chifukwa cha ulesi, kuba kapena chiwerewere amangoseka nawo mokakamiza, uthenga atautola.

Tsopano tengani zonsezi muziike pa kampata ka pakati pa nyumba ziwiri za lendi kwa Mgona. Nkhalango ya kumanda yatsala mitengo yowerengeka, ndipo mawindo a anthu ayang'ana komweko. Pomwe panali bwalo pali maziko a nyumba, kapena tchalitchi cha malata, kapena shedi ya vidiyo. Zilombo zilipobe, anyamata ofuna kugula njira aliponso, koma povinira palibe. Chotsatira chake ndi chomwe anthu a m'tauni amadandaula nacho: gule woyendayenda mumsewu, woimitsa galimoto, wopempha ndalama chikwapu chili m'manja, wothamangitsa ana ochokera kusukulu ndi amayi ochokera kumsika. Madandaulo amenewa ndi oona, ndipo si a akhristu kapena obwera okha. Akuluakulu a mwambo nawo amanyansidwa, chifukwa chilombo chotuluka popanda mfumu kudziwa, popanda mwambo womwe chikuperekeza, n'chosokonekera. Bungwe la Chewa Heritage Foundation lakhala likudzudzula khalidweli, ndipo m'madera ena mafumu anatembenuza zinthu mpaka gule yemweyo n'kumaperekeza ana ojomba kusukulu.

Koma kudzudzula kokha sikubweza bwalo. Ndiponso mfumu ya m'tauni ili ndi mphamvu zochepa kuposa ya kumudzi. Lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mfumu ulamuliro m'kati mwa tauni pokhapokha khonsolo italola, n'chifukwa chake mumamva za “mabuloko lida” m'malo mwa anyakwawa. Munthu yemwe anthu amamuthamangira pakagwa maliro, yemwe amapereka malo kumanda ndi kuweruza milandu ya malire, pamapepala a boma alibe mpando weniweni. Ndiye malo a bwalo akamagulitsidwa, adzawaletsa ndi mphamvu ziti? Tisabisenso, nthawi zina wogulitsayo amakhala mfumu yomweyo.

Si Achewa okha amene amasangalala m'chilimwe. Ku Kawale, kwa Biwi ndi kwa Chinsapo kuli Ayao ambiri, ndipo tchuthi chachitali ndiyo nyengo ya jando ndi nsondo. Tsiku lotulutsa anamwali, manganje amadzaza msewu, ana atavala zatsopano, makolo akuponya ndalama m'mbale, mpunga ukuphikidwa m'mapoto akuluakulu. Alomwe a mu Lilongwe amasonkherana za ulendo wa kwa Chonde ku Mulanje, komwe Mulhako wa Alhomwe umachitika mu Okutobala. Angoni a kwa Gomani amalowera ku Nkolimbo ku Ntcheu ku Umhlangano, a ku Mzimba amapita ku phiri la Hora ku Umthetho, Atumbuka ku Bolero ku Gonapamuhanya. Nzika ya Lilongwe ikafuna chikondwerero chachikulu cha mtundu wake, imakwera basi.

Achewa nawo amakwera. Loweruka lomaliza la Ogasiti, maso onse amaloza ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kulikulu la Kalonga Gawa Undi. Mabasi ndi malole amanyamuka mu Lilongwe kudzera msewu wa Mchinji, kudutsa chipata cha Mwami ndi tauni ya Chipata, atanyamula mafumu, amayi ovala nsalu za Kulamba, ng'oma ndi katundu wina amene safunsidwa. Kumeneko mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakalambira Gawa, kupereka mphatso ndi kufotokoza za m'madera mwawo, kenaka anamwali ndi zilombo za maiko atatu zimasinthana bwalo. Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, ndipo unadzayambiranso mu 1984. Mu 2007 atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa Mkaika. Amene anafikako amadziwa kuti anthu zikwizikwi amatha kuonerera gule tsiku lonse popanda wothamangitsidwa. Zilombo zake ndi zomwezi timaziopa kwa Chinsapo. Chosiyana n'chakuti ku Mkaika kuli bwalo, tsiku lodziwika ndi eni dongosolo.

Mu 2005, bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu kukhala chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za anthu a padziko lonse, pamodzi ndi vimbuza wa kumpoto. Pamndandanda wa chaka chomwecho panalinso mwambo wa m'tauni ina yaing'ono ya ku Spain yotchedwa Berga, m'chigawo cha Catalonia. Mwambowo, La Patum, umachitika sabata ya chikondwerero cha Akatolika cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, ndipo mukauona mukhoza kuseka: muli zinyau zazitali kuposa khomo, zinyama zolavula moto, ziwanda zobisa nkhope, ndi ching'oma chimodzi chachikulu chomwe chimalamula zonse. Amavinira pabwalo la pakati pa tauni, kutsogolo kwa ofesi ya khonsolo.

Dziko la Spain lonse limatero m'chilimwe chawo. Ku Pamplona, chikondwerero cha San Fermín chimayamba pa 6 Julaye n'kutha pa 14, ndipo m'mawa ng'ombe zamphongo zimathamangitsa anthu m'misewu yotchingidwa ndi matabwa. Ku Buñol, Lachitatu lomaliza la Ogasiti, anthu amagendana ndi tomato mpaka msewu kufiira, zomwe mayi wa pamsika wa Nsungwi sangazimvetse ngakhale mutamufotokozera motani. Koma zikuluzikuluzi zisatiphimbe maso. Pafupifupi mudzi uliwonse kumeneko uli ndi tsiku la woyera wake, ambiri chapakati pa Ogasiti, ndipo ana a m'mudzimo omwe anasamukira ku Madrid kapena Barcelona amabwerera kwawo sabata imeneyo. Khonsolo imaika chikondwererocho mu bajeti, imatseka misewu, imasindikiza pulogalamu, ndipo magulu a anthu a m'deralo amasonkha ndi kukonza zotsalazo. Ng'ombe za ku Pamplona n'zoopsa kuposa kapoli aliyense, ndipo anthu ena anafapo. Koma amene sakufuna kukumana nazo amadziwa ola lake ndi msewu wake, amangodzera kwina.

Ife tinazolowera kukumbuka gule pakabwera wamkulu. M'nthawi ya Kamuzu zilombo zinkavina pamisonkhano ya chipani ndi pa zikondwerero za ufulu, ndipo mpaka lero bwalo la Masintha ku Kawale limaona gule makamaka andale akabwera ndi malonjezo awo. Chilombo chomwe kale chinkatuluka kudzaperekeza mzimu wa munthu chimadikira padzuwa kuti bwana amalize kulankhula, chivine mphindi zochepa, chilandire envelopu. Wofuna kuphunzira tanthauzo la zilombozi amayenera kupita ku Mua, m'boma la Dedza, komwe malo a Kungoni, omwe anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, amasunga nkhope za gule mazanamazana. N'zochititsa chidwi kuti mpingo wa Katolika, womwe unalimbana kwambiri ndi nyau m'zaka za m'ma 1920, ndiwo ukusunga mbiri yake, pamene likulu la dziko, lomangidwa pakati pa Achewa, lilibe ngakhale tsiku limodzi pachaka loti magule a m'makomboni ake akumane poyera.

Zofunika si zambiri. Mabwalo ndi nkhalango za kumanda zomwe zatsala kwa Chinsapo, kwa Mgona, ku Area 23 ndi ku Area 25 zilembedwe m'kaundula wa khonsolo ngati malo osagulitsa, zisanathe. Mafumu a mizinda ya gule agwirizane ndi khonsolo ndi apolisi za masiku ndi njira zodutsa zilombo, ndipo chotuluka kunja kwa dongosololi eni mwambo achilange okha. Kenaka pakhale Loweruka limodzi m'chilimwe, kaya pa Masintha kaya pena, la chizangala cha tauni yonse, pomwe gule, chimtali, mganda, manganje, beni, tchopa ndi ingoma za anthu a m'makomboni momwemu zidzavinidwe popanda mbendera ya chipani. Ogulitsa thobwa, chiwaya ndi nsalu adzapezapo yawo, ndipo mwana wobadwira kwa Biwi adzaona Chadzunda akuvina m'malo mongomva kuti gule ndi woti uzimuthawa.

A khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, mafumu ndi a Chewa Heritage Foundation, khalani pansi chilimwe chino mvula isanagwe. Puloti ikagulitsidwa n'kumangidwapo nyumba, bwalo limenelo silidzabweranso.