"Kachirombo sikakuoneka": kodi mawuwa akutanthauza chiyani?

Amayi a m'mabungwe a mpingo ku Mlangeni, poyendera odwala mwina mwamvapo wina akuti adayezetsa viral load ndipo kachirombo ka HIV sikadaoneke. Ena akamva zimenezi amaganiza kuti achira, n'kusiya ma ARV. Apa m'pamene pali ngozi.

Kachirombo ka HIV kamanyamula kaulusi ka malangizo ake kotchedwa RNA. Magazi akafika ku labotale, makina amafufuza kaulusi kameneka. Popeza n'kochepetsetsa, amayamba akachulukitsa kaye kambirimbiri, kenako n'kuwerenga. Koma makina alionse ali ndi malire ake: tizirombo tikachepa kwambiri, sationa. Choncho "sikakuoneka" kumatanthauza kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti kachirombo katha. Kamabisala m'maselo ena a thupi, ndipo munthu akasiya mankhwala kamachulukanso.

Akatswiri a sayansi akuyesetsa kuti zoyezera zizitha kuona ngakhale tizirombo tochepa. Mu 2017, ku Broad Institute m'dziko la America, adatulukira njira yotchedwa SHERLOCK. Amagwiritsa ntchito puloteni ya Cas13 yochokera ku mabakiteriya. Ikapeza RNA imene ikufunidwa, imadula tizizindikiro tambirimbiri timene timawala, motero kachidutswa kamodzi kamaonetsa chizindikiro chachikulu. Cholinga n'chakuti kuyeza kotere kudzachitike pa kapepala, pafupi ndi kwathu.

Pakali pano, mnzanu akakuuzani kuti kachirombo sikakuoneka, kondwerani naye. Mukatero m'kumbutseni kuti apitirize kumwa mankhwala tsiku lililonse, ndi kubwerera kuchipatala pa tsiku limene adauzidwa.