Roboti ya Pakompyuta Ikazima, Musathamangire Kuchotsa Mlonda

Akatswiri asanalumikize zitsulo ndi mawaya, amayamba ayesa roboti yawo pakompyuta. Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi Gazebo, imene inayambira ku University of Southern California mu 2002. Imajambula bwalo ndi makoma, imawerengera kulemera kwa zinthu, ndipo roboti yongoyerekezerayo imatha kuwomba khoma kambirimbiri popanda kuthyoka chilichonse. Koma pa makompyuta a Fedora ndi Red Hat, nthawi zina pulogalamuyi imangozima ikangotseguka kumene. Munthu amachezera usiku wonse akuichotsa n'kuiikanso, pomwe iyo ilibe mlandu. Yaletsedwa ndi SELinux, chitetezo cha mkati mwa Linux chimene bungwe la NSA la ku America linatulutsa mu 2000, n'kulowetsedwa mu Linux weniweniyo mu 2003.

SELinux ili ngati mlonda wapageti wosamvera nkhope: amangoyang'ana chiphaso. Fayilo iliyonse ndi pulogalamu iliyonse imapatsidwa chizindikiro, ndipo zimene malamulo sanaloleze zimakanidwa, ngakhale mwini kompyutayo atafuna. Gazebo imagundana nayo chifukwa cha kagwiridwe kake ka ntchito. Imakoka mapulagini ili mkati moyenda, imafuna kufikira khadi la zithunzi, ndipo pa makina akale a 32-bit pulagini yomangidwa popanda -fPIC inkafuna kusintha malangizo ake ali kale mu memory. Izi n'zimenenso pulogalamu yakuba imachita, n'chifukwa chake zinkakanidwa. Masiku ano mkangano umabuka kwambiri mu makontena. Popeza ROS, imene ambiri amayendetsera maroboti, imakonzedwera makamaka Ubuntu, anthu a Fedora amaiika mu Podman kapena Docker, kenako foda ya ntchito yawo imakana kutseguka chifukwa chizindikiro chake si cha kontena.

Ndiye malangizo amene amafala ndi akuti zimitsani SELinux basi. Ine ndikuona kuti kumeneko n'kutaya umboni. Kukana kwambiri kumalembedwa mu /var/log/audit/audit.log, ndipo lamulo la ausearch -m avc limaonetsa pulogalamu imene inapempha, chimene inapempha ndi chizindikiro chimene chinaitsekereza. Kulemba setenforce 0 kwa mphindi zochepa kuli ndi ntchito yake, chifukwa SELinux imasiya kuletsa koma imapitiriza kulemba. Gazebo ikayenda, mwadziwa kolowera. Ikazimabe, kafufuzeni madalaivala a zithunzi. Mukatero bwezerani setenforce 1, mukonze chinthu chimodzicho: restorecon pa fayilo ya chizindikiro cholakwika, chilembo cha :Z polumikiza foda ku kontena, kapena kumanganso pulaginiyo bwinobwino. Palinso audit2allow, imene imalemba lamulo latsopano kuchokera pa zokanidwazo, koma muliwerenge kaye, chifukwa imaloleza chilichonse chimene yapeza osafunsa ngati chinali choyenera.

Wina anena kuti iyi ndi kompyuta ya mu labu chabe, mulibe ndalama kapena zinsinsi, ndipo wophunzira amene mayeso amuyandikira alibe nthawi yowerenga mizere yovutayo. Za nthawizo n'zoona, ndipo mauthenga a SELinux salembedwa mokomera munthu wongoyamba. Koma kompyuta ya mu labu ili pa netiweki ya sukulu yonse, ndipo ROS yoyamba sinkafunsa n'komwe kuti wolamula roboti ndi ndani. Mu 2017 ndi 2018 ofufuza a ku Brown University anasanthula intaneti n'kupeza makina a ROS oposa 100 ali poyera, mpaka anayendetsa roboti ya ku University of Washington ali kutali, atapempha chilolezo. SELinux siikanatseka khomo limenelo, koma imachepetsa zimene wolowa angafikire akakhala mkati. Chinanso, pulagini imene yakanidwa pa Gazebo kawirikawiri imakhala ndi zidutswa zimene zidzasamutsidwire mu roboti yeniyeni, ndipo woizimitsira chitetezo lero adzakumana ndi vuto lomwelo pa makina okhala ndi mawilo ndi mkono wachitsulo.