Kuphunzitsa Ana Kulemba Mapulogalamu a Pakompyuta: Zofunika Kuti Makolo a ku Kasungu Adziwe

Mlimi wa fodya akagulitsa mabelo ake ku msika wa Chinkhoma, ndalama zake zimayamba zadutsa m'kompyuta asanazigwire m'manja. Kulemera kwa belo, mtengo wa pa kilogalamu ndi zonse zodulidwa zimawerengedwa ndi makina. Wamalonda wa pa Santhe kapena pa Chatoloma akamatumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money, nayenso amadalira makina. Komatu makinawo paokha alibe nzeru: amangotsatira malangizo amene munthu adalemba. Malangizo amenewa ndiwo amatchedwa pulogalamu, ndipo luso lowalemba mwana angayambe kuliphunzira akadali ku pulayimale.

Pulogalamu n'chiyani?

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo olembedwa mwatsatanetsatane, kuuza kompyuta choyamba kuchita, chotsatira ndi chomalizira. Kompyuta silota zimene munthu akufuna. Langizo limodzi likasowa kapena likakhala pamalo olakwika, yankho lonse limalakwika.

Maziko a lusoli ndi atatu, ndipo onse amaoneka pa ntchito ya fodya. Choyamba ndi ndondomeko: mlimi amafesa pa nazale, amawokera kumunda, amathyola, amasoka, amayanika m'chigafa, amasankha, kenaka n'kudinda mabelo. Palibe amadinda asanasankhe. Chachiwiri ndi kusankha chochita molingana ndi mmene zinthu zilili: ngati tsamba ndi lalitali ndi losang'ambika, lipite mulu uwu, apo ayi, lipite mulu uwo. Chachitatu ndi kubwereza: zimene zachitika pa tsamba loyamba zichitikenso pa lachiwiri mpaka masamba onse atatha.

Mwana amene wamvetsa zitatuzi angathe kulemba pulogalamu yowerengera phindu la banja lake. Mwachitsanzo, ngati belo likulemera makilogalamu 100 ndipo lagulidwa pa madola awiri pa kilogalamu, pulogalamuyo ichulukitsa n'kupeza madola 200, ichotsapo za mayendedwe, za ziguduli ndi ngongole ya feteleza, kenaka ibwereza zomwezo pa belo lililonse. Yankho likasiyana ndi la pa pepala la kumsika, mwanayo amabwerera m'mbuyo mzere ndi mzere kusaka pamene palakwika. Chizolowezi chofufuza cholakwika modekha chotere chimamuthandizanso pa masamu ndi pa malonda, ngakhale atadzasankha ntchito ina.

Msinkhu woyambira ndi zida zake

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Ana aang'ono sayamba ndi kulemba mawu ovuta. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Scratch, yomwe idatulutsidwa m'chaka cha 2007 ndi akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America. Mmenemo mwana amalumikiza tizidutswa ta malangizo monga amasanjira njerwa, n'kuona kachithunzi kakuyenda kapena kulankhula pa galasi la kompyuta. Scratch idakonzedwera makamaka ana a zaka 8 mpaka 16, pomwe ScratchJr ndi ya ana a zaka 5 mpaka 7. Zikaikidwa m'makina, zonsezi zimagwira ntchito popanda intaneti.

Achinyamata a ku sekondale angapitirire ku zinenero zolemba ndi mawu monga Python, chomwe chidatuluka m'chaka cha 1991 ndipo nachonso n'chaulere. Apa m'pamene masamu ndi Chingerezi zimafunika kwambiri, pakuti mawu a malangizo ndi mabuku ambiri ophunzirira ali m'Chingerezi. Phunziro la kompyuta lilipo kale pa mayeso a MSCE omwe bungwe la MANEB limalembetsa, ngakhale kuti si sukulu zonse zili ndi zida zoliphunzitsira.

Kumene kulibe magetsi ndi makompyuta

Midzi yambiri ya ku Kasungu ilibe magetsi a ESCOM, ndipo mabanja ambiri sangakwanitse kugula kompyuta. Izi zimachedwetsa, koma siziletsa kuyamba. Mphunzitsi angajambule timabokosi pansi, mwana mmodzi n'kukhala ngati makina, anzake n'kumulembera malangizo oti apite patsogolo kawiri, akhotere kumanja, atole mwala. Akaphonya mwalawo, onse amafufuza langizo lolakwika. Masewera a bawo, omwe amafuna kuwerenga zibowo ndi kuganizira patsogolo, amaphunzitsanso kuganiza kwa mtundu womwewo. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, achinyamata othawa kwawo ndi anzawo a m'midzi yozungulira akhala akuphunzira lusoli pa malo otchedwa TakenoLAB, omwe adayamba ndi zida zochepa kwambiri.

Kuyambira m'chaka cha 2023, boma lili pa ndondomeko ya BEFIT yopereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa m'sukulu za pulayimale, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu. Matabuletiwa saphunzitsa kulemba mapulogalamu, koma mwana amene wawazolowera sachita mantha ndi makina.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Kasungu

M'mwezi wa June 2017, boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF adakhazikitsa pa bwalo la ndege la Kasungu malo oyeserera ndege zing'onozing'ono zouluka popanda woyendetsa, zomwe ambiri amazitcha madironi. Malowa amafika mtunda wa makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwaloli. Makampani ndi sukulu za ukachenjede za m'maiko osiyanasiyana zidabwera kudzayesa kunyamula mankhwala ndi kujambula malo kuchokera mumlengalenga. Ndege zotere zimauluka potsatira mapulogalamu. M'mwezi wa January 2020 mudatsegulidwa ku Lilongwe sukulu ya African Drone and Data Academy, yomwe imaphunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa ndegezi komanso kutanthauzira zimene zajambula. Ana a ku Kasungu adaziona ndegezo zikudutsa pamwamba pa minda ya makolo awo. Chotsala n'chakuti ena mwa iwo adzakhale olemba malangizo oziyendetsa.

Kasungu ali kale ndi umboni wa zimene mwana wa mlimi angachite akapeza mpata. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, adasiyira sukulu panjira chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002 pamene makolo ake adalephera kumulipirira. Ali ndi zaka 14, adawerenga buku la sayansi m'kanyumba kobwereketsa mabuku ka kwawoko, ndipo adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale ndi zitsulo zotayidwa. Adamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America m'chaka cha 2014. Iye adayamba ndi buku limodzi ndi nthawi yoliwerenga.

Achinyamata ofuna kupitiriza ali ndi kolowera. Ku Lilongwe kuli mHub, malo a luso lamakono omwe adayambitsidwa ndi mayi Rachel Sibande, ndipo akhala akuphunzitsa ana ndi atsikana kulemba mapulogalamu. Maphunziro a kompyuta amapezekanso ku sukulu za ukachenjede za UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo ndi Mzuzu University.

Udindo wa makolo ndi atsogoleri

Chachikulu ndi kusunga mwana pa sukulu. Nyengo yothyola ndi kusankha fodya imakumana ndi nthawi imene ana akukonzekera mayeso, ndipo mwana wojomba milungu ingapo amataya masamu amene lusoli limadalira. Malamulo a ntchito m'dziko muno amaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kugwiritsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18. Fodya wamuwisi amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana amamva chizungulire, nseru ndi mutu.

Chachiwiri, mpata ukhale wofanana. Pakhomo pamene pali foni imodzi, kawirikawiri imagwa m'manja mwa mnyamata pomwe mtsikana ali kumjigo. Luso limeneli silifuna mphamvu za thupi, ndipo mtsikana angalidziwe chimodzimodzi.

Chachitatu, makomiti a sukulu, magulu a amayi osamalira ana ndi makalabu a alimi angakambirane zogula zida limodzi. Kompyuta imodzi ndi sola yake zingathandize ana angapo mosinthana, bola pakhale mphunzitsi wodzipereka ndi malo otetezeka osungirako.

Chachinayi, pakhale kusamala. Mwana akhale pa intaneti moyang'aniridwa, ndipo asapereke nambala yachinsinsi ya foni ya makolo kapena ya chiphaso cha unzika kwa aliyense. Makolo asanalipire sukulu iliyonse yolonjeza satifiketi ya kompyuta, afunse ngati idalembetsedwa ku TEVETA kapena ku NCHE.

Lusoli si njira yachidule yopezera chuma, ndipo si mwana aliyense wophunzira amene adzalembedwe ntchito ya makompyuta. Koma malonda, ulimi, zipatala ndi mabanki zikudalira makina kwambiri chaka ndi chaka, ndipo banja limene lili ndi mwana wodziwa mmene makinawo amawerengera silivuta kuzindikira pamene labedwa kapena pamene lapindula. Makolo ofuna kudziwa zambiri afunse mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mwana wawo, mlangizi wa maphunziro wa m'dera lawo kapena ofesi ya maphunziro ya boma la Kasungu.