Nkhono za M'dambo ndi Maina Ake Osakhazikika

Mvula ikangodula, madambo a ku Mchinji amadzaza anthu. Ena akufukula zitsime za m'dimba, ena akuwokera tomato ndi mpiru, ana nawo akusambira m'mathamanda amene Bua ndi Rusa amasiya madzi akamaphwa. Mukazula kakombo n'kuyang'ana kunsi kwa tsamba lake, mupeza tinkhono titamamatira. Kwa ife timeneti ndi nkhono basi, chimodzimodzi ija yaikulu yokwawa pakhoma la bafa m'dzinja, kapena inzake yopanda chigoba imene imatimalizira mbande kunazale. Asayansi nawonso amaziika zonse m'dengu limodzi lotchedwa Gastropoda. Dzinali linachokera kwa Georges Cuvier wa ku France mu 1795, ndipo ndi mawu awiri a Chigiriki, mimba ndi phazi, poti kanyamaka kamaoneka ngati kakuyendera mimba. Pa dengulo palibe amatsutsa. Mkangano uli pa kasanjidwe ka zam'katimo, mmene muli mitundu yoposa 60,000, yochuluka mwa iyo ya m'nyanja zamchere.

Kwa zaka zoposa 100, wophunzira aliyense ankaloweza magulu atatu, ndipo chowasiyanitsa chinali kapumidwe. Gulu la Prosobranchia linali la nkhono zopuma m'madzi monga nsomba, zimene chiwalo chopumiracho chili kutsogolo kwa mtima, ndipo zambiri zili ndi kachitseko kotsekera pakamwa pa chigoba. Gulu la Opisthobranchia linali la zokhala ndi chiwalocho kumbuyo kwa mtima, makamaka nkhono za m'nyanja zimene chigoba chake chinachepa kapena kutheratu. Lachitatu, Pulmonata, linali la zopuma mpweya ndi phapo. Maina awiri oyambawo anapeka ndi Henri Milne-Edwards mu 1848, ndipo buku lalikulu la Johannes Thiele wa ku Germany, limene linatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1929 mpaka 1935, linakhazikitsa dongosololi moti linkaoneka ngati silidzagwedezeka. Linali losavuta kuphunzitsa, komanso losavuta kufunsa pamayeso.

Koma nkhono za kwathu kuno sizinkalowa bwino m'mabokosi amenewa. Taganizirani ya Lanistes, yaikulu ndithu, yobulungira, yopezeka m'madambo ndi m'nyanja ya Malawi. John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone, anatola zigoba m'mbali mwa nyanjayi, ndipo mu 1865 Heinrich Dohrn anatcha mtundu umodzi Lanistes nyassanus. Thiele anaiika pakati pa zopuma m'madzi, ndipo chiwalocho ili nachodi. Komabe ilinso ndi thumba logwira ntchito ya phapo. Zija za m'dambo, madzi akauma zimadzikwirira m'matope, n'kutseka kachitseko, kudikira mvula ya Novembala. Pomwepo pali kankhono ka Bulinus, kolembedwa m'gulu la zamapapo, komwe kanamera kachikopa kopumira m'madzi. Zimene zinkaoneka ngati mpanda wolimba zinali ndi mipata ponseponse.

Amene anapusitsidwa kwambiri ndi maonekedwe ndi J. E. S. Moore wa ku Britain, yemwe anapita kawiri ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Kumeneko kuli nkhono za zigoba zochindikala, zina zaminga, zofanana kwambiri ndi za m'nyanja zamchere. Moore anatsimikiza kuti Tanganyika ndi chotsalira cha nyanja yamchere yakalekale imene inatsekeredwa pakati pa Africa, ndipo mu 1903 analemba buku lonse kuikira kumbuyo ganizoli. Linali ganizo lokoma kumva, chikomekome cha mkuyu. Ofufuza obwera pambuyo anapeza kuti makolo a nkhonozo anali a m'madzi opanda mchere, ndipo zigobazo zinalimba chifukwa cha moyo wa m'nyanja yaikulu yakuya, ya mafunde, miyala ndi nkhanu zophwanya zigoba.

Mchewa sangavutike kumva chimene chinasintha pambuyo pake. Anthu awiri akhoza kufanana nkhope, kulima dimba limodzi, kupemphera tchalitchi chimodzi, koma pa maliro kapena pa ukwati funso limakhala lakuti anatuluka m'mimba mwa yani. Wa Phiri wa ku Mkanda ndi wa Phiri wa ku Chipata amatchulana ubale ngakhale sanaonanepo, pomwe mnansi woyandikana naye khomo ndi mlendo pa nkhani za mbumba. Asayansi anayamba kufunsa nkhono funso lomweli. Gulu loona liyenera kukhala la kholo limodzi pamodzi ndi zidzukulu zake zonse, osasiyapo ngakhale mmodzi. Mu 1997 Winston Ponder ndi David Lindberg anayerekezera ziwalo zambirimbiri za nkhono nthawi imodzi, n'kuonetsa kuti Prosobranchia si mbumba konse, koma khamu la mafuko osiyana amene anangosunga kapumidwe kachikale. Mu 2005 Philippe Bouchet ndi Jean-Pierre Rocroi anasanjanso gulu lonse, n'kuwerenga mabanja 611. Kenako kuyeza DNA kunagwetsa magulu awiri otsalawo: pofika 2010 zinali zitaoneka kuti Pulmonata ndi Opisthobranchia n'zolukanalukana, ndipo lero zonse zili m'fuko limodzi lotchedwa Heterobranchia. Pamene Bouchet ndi anzake anakonzanso mndandanda mu 2017, mabanja anafika 721, kuphatikizapo odziwika ndi zigoba zokwiririka m'miyala zokha.

Zotsatira zake n'zodabwitsa mukaziika pa dambo lathu lija. Bulinus ndi Lanistes zimadya ndere pa tsamba limodzi, ndipo zigoba za zonse ziwiri zimatsegukira kumanzere, koma ubale wawo ndi wakutali zedi. Bulinus ali pafupi ndi nkhono ya pakhoma la bafa, ngakhalenso ndi nkhono zopanda chigoba zamawangamawanga za m'nyanja ya Indian. Lanistes ali m'fuko la Caenogastropoda, pamodzi ndi Conus, nkhono ya kugombe imene tsinde la chigoba chake ankalidula kupanga mphande, chokongoletsera choyera chija amalonda ankabwera nacho kumtunda kuno, mafumu n'kumachivala pakhosi.

Wina anganene kuti izi n'zosangalatsa anthu a ku yunivesite okha. Ine ndikukana, ndipo chifukwa changa ndi likodzo. Theodor Bilharz anaona nyongolotsi zoyambitsa matendawa ku Cairo mu 1851, koma zinatenga mpaka 1915 kuti Robert Leiper, ku Egypt komweko, aonetse kuti mtundu uliwonse wa nyongolotsizo uli ndi nkhono yakeyake. Likodzo lokodzetsa magazi limadzera mwa Bulinus, pomwe la m'matumbo limadzera mwa Biomphalaria, kankhono kaphwatalala kozungulira ngati nkhata. Lanistes, ngakhale ndi yaikulu ndipo ndiyo imayamba kuoneka, sifalitsa likodzo. Kuisiyanitsa n'kosavuta, chifukwa ili ndi kachitseko kamene Bulinus alibe.

M'kati mwa Bulinus momwemo diso limalephera. Bulinus tropicus ndi Bulinus truncatus zimafanana zigoba moti ngakhale katswiri amakayika, koma yoyambayo ili ndi makromozomu 36, inayo 72, ndipo yachiwiriyo ndiyo yodziwika pofalitsa likodzo la anthu kumpoto kwa Africa. Bulinus nyassanus, imene Edgar Smith anaipatsa dzina mu 1877 ndipo imapezeka m'nyanja ya Malawi mokha, inakhala zaka zoposa 100 osaikayikira, kufikira ofufuza ataipeza ikutulutsa tizirombo ta likodzo pa mchenga wa ku Chembe, ku Cape Maclear. Mu 2017 gulu lina linapeza Biomphalaria pfeifferi m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, kumene sinkayembekezeka, ndipo atayeza ana asukulu anapeza likodzo la m'matumbo. Wa zaumoyo amene wadziwa nkhono yomwe ili m'thamanda amadziwa choti ayeze, mkodzo kapena chimbudzi, asanagawe mankhwala a praziquantel.

Oweta ng'ombe nawo ali ndi yawo. Chiwindi chija wogulitsa nyama pamsika amachipeza chitaboolekabooleka ndi nyongolotsi zaphwatalala, gwero lake ndi kankhono ka m'madzi a m'dambo kotsegukira kumanja. Mabuku akale a zoweta amakatcha Lymnaea natalensis, atsopano ambiri akuti Radix natalensis. Nayo nkhono yaikulu ya pamtunda yochokera kum'mawa kwa Africa, imene inafalikira mpaka ku Asia ndi ku America n'kumawononga mbewu, inasinthidwa dzina kuchoka pa Achatina fulica kupita pa Lissachatina fulica.

Apa ndi pamene wowerenga zolemba zakale ayenera kusamala. Madokotala a nthawi ya atsamunda, Mchinji isanasiye dzina la Fort Manning ndi Chipata la Fort Jameson, ankalemba za nkhono yotchedwa Physopsis globosa. Mukaifufuza m'mndandanda wa lero monga mtundu woima paokha simuipeza, chifukwa Physopsis inalowetsedwa mu Bulinus, ndipo nkhonoyo tsopano ndi Bulinus globosus, imene imafalitsa kwambiri likodzo la mkodzo m'madamu, m'zithaphwi ndi m'timitsinje ta m'dziko muno. Banja lake nalo lasuntha: mabuku ambiri amaiika mu Planorbidae pamodzi ndi Biomphalaria, koma mndandanda wa 2017 unaipatsa banja lakelake la Bulinidae. Mayi wochapa pa thamanda la ku Mwami, mbali ya Zambia, ndi mnzake wa mbali ino akuponda nkhono imodzimodziyo, imene m'mafayilo a maiko awiriwa ingapezeke ndi maina awiri ndi mabanja awiri, malinga ndi chaka chimene wolemba lipoti anamaliza sukulu.